Mwana ndi Ng'oma Kunsi kwa Kapichira

 Nkhani yathu ya mbiri madzulo ano ikuyambira pa kapepala kamodzi.

Mwezi wathawu mlongo wanga wa ku Blantyre adandiitana kuti ndidzaone pepala limene mwana wake wamkazi, wa zaka 9, adabwera nalo kunyumba. Lidachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa ana kuvina Loŵeruka lililonse m'maŵa. Padali mizere yolembapo dzina la mwana, zaka zake, matenda ngati ali nawo, ndi ndalama zolipira pa teremu. Kumunsi kwenikweni kudali malo akuti kholo lisayinepo. Mlongo wangayo adafuna kuti ine, pokhala malume ake a mwanayo, ndiyankhulepo iye asanagwire cholembera.

Pakhonde pomwepo padali amayi athu, amene adabadwira m'mudzi wina kunsi kwa mathithi a Kapichira, m'boma la Chikwawa. Atamva nkhaniyo adaseka mpaka kugwetsa misozi.

"Kodi kuvina n'kogula, ana inu? Ife tidavina mpaka tambala kulira, popanda pepala, popanda khobiri."

Ine ndidati, "Pepani amayi, nanga nkhuku ija mudatisimbira, imene amalume anu adapereka kwa anamkungwi, idali ya chiyani?"

Adakhala chete kanthaŵi, kenaka adati, "Imeneyo ndi nkhani ina."

Kodi ndi nkhani inadi? Ine ndikuti ndi yomweyo. M'chigwa cha Shire mwana sankadziŵa gule mwangozi ayi. Padali wompereka, padali womlandira, padali cholipira, ndiponso padali tsiku la mayeso. Chimene chakhala chikusintha pa zaka zoposa 160 zapitazi ndi dzanja limene limagwira mwanayo popita naye kwa mphunzitsi. Tiyeni tilondole dzanja limenelo.

Poyamba tidziŵe malowo, pakuti ambiri a inu mumamva dzina la Kapichira pokhapokha magetsi akazima. Mtsinje wa Shire ukachoka ku Matope umatsika ndi liŵiro m'mathithi angapo, ndipo a Kapichira ndiwo otsiriza. Kunsi kwake madzi amafatsa, dziko limatambalala, kutentha kumakula, ndipo pamenepo ndiye payambira chigwa cha Chikwawa ndi Nsanje. Mu Januwale 1859 David Livingstone adafika m'munsi mwa mathithiwo pa sitima yake yotchedwa Ma Robert, nalephera kupitirira. Eni chigwa amene adawapeza adali Amang'anja, abale awo a Acheŵa, anthu a ufumu wa Lundu ndi a kachisi wa Mbona wa ku Khulubvi. Adali alimi a thonje, owomba nsalu, osula zitsulo ndi ophika mchere.

Patangopita zaka zoŵerengeka chigwacho chidasokonezeka. Nkhondo za ogula akapolo pamodzi ndi njala yoopsa ya mu 1862 ndi 1863 zidapulula midzi yambiri. Akololo amene Livingstone adabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi adatsalira konkuno nasanduka mafumu, ndicho chifukwa chake lero timamva maina monga Kasisi, Katunga ndi Maseya. Koma iwo adakwatira akazi a Chimang'anja, kotero kuti ana awo adayamwa chinenero ndi nyimbo za amayi awo. Pambuyo pake, kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndiponso mochuluka zedi itatha nkhondo ya Makombe ya mu 1917, Asena adaloŵa kuchokera ku Mozambique pothaŵa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi. Adabwera ndi makasu awo, koma adabweranso ndi ulimba, utse ndi likhuba.

Kusiyana kwa mitundu iŵiriyi n'kofunika pa nkhani yathu. Kwa Amang'anja mwana ngwa kuchikazi, ndipo mawu otsiriza pa iye ali ndi malume, mwini mbumba. Kwa Asena, amene amapereka chuma pokwatira, mwana ngwa kuchimuna. Choncho m'chigwa chimodzi chomwecho, mwina m'midzi yoyandikana, dzanja lopereka mwana lidali la anthu osiyana.

Sukulu yoyamba, imene amayi anga ankanena, idali bwalo la mudzi, ndipo pa iyoyo adanenadi zoona: kudalibe kulipira. Mwana ankaiyamba ali kumbuyo. Mayi akamasinja ndi anzake, misi ikusinthana mumtondo umodzi, kapena akamavina paukwati mwana ali m'mbereko, kathupi kaja kankalandira kagundidwe ka ng'oma mwiniwake asanathe n'kuimirira komwe. Akayamba kuyenda ankatsata akulu ake mwezi ukaŵala. M'chigwa muno, m'mene masana a mwezi wa Okutobala amatentha ngati ng'anjo, usiku ndiyo idali nthaŵi ya ana. Atsikana ankazungulira bwalo akuomba m'manja, kuloŵa pakati aŵiriaŵiri. Wophonya phazi ankasekedwa, nabwerera pamzere, nadzayesanso maŵa lake. Paja amati gule ndi aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo.

Komabe ngakhale pabwalo pomwepo, mnyamata wofunadi ng'oma ankayenera kudziphatika kwa katswiri. Ntchito yake yoyamba sidali kuimba ayi. Ankatola mapesi ndi kusonkha moto wotenthetsera zikopa, ankasenza ng'oma popita kumaliro kapena kuukwati, ankasunga phula lomata pakati pa chikopa kuti mawu atsike. Patapita miyezi ankampatsa kang'oma kongobwereza mawu amodzimodzi osasintha, kamene kamagwira nyimbo kuti isagwe. Ng'oma yaikulu, imene imayankhulana ndi mapazi a wovina, ankaigwira patatha zaka. Mnyamata wotere sankapereka ndalama, koma tisanene kuti sankalipira. Ankalipira ndi msana wake.

Sukulu yachiŵiri ndiyo ya nkhuku ija, ndipo apa tiyenera kuchedwapo pang'ono. Pakati pa Amang'anja, monganso pakati pa Acheŵa, si mudzi uliwonse umene unkaloledwa kuvinira anamwali. Ufulu umenewo, wotchedwa mzinda, udali m'manja mwa mfumu imene idaupatsidwa ndi mfumu yoiposa. M'chinenero cha lero tinganene kuti mfumu ndiyo inkasunga chilolezo cha sukulu.

Mtsikana akatha msinkhu ankauza agogo ake kapena mayi wina wamkulu wa pabanjapo. Akuluwo ankadziŵitsa mwini mbumba, ndipo nkhani inkafika kwa mfumu ndi kwa namkungwi. Kumeneko sankapita chimanjamanja. Pankafunika nkhuku, lichero la ufa, chimera cha moŵa, mikanda, ndipo ndalama zitafala, mashiling'i. Pankasankhidwanso phungu, munthu wovinidwa kale, woti akhale pambali pa namwali usana ndi usiku, kumuonetsa ndi thupi chimene namkungwi wanena ndi pakamwa. Nyengo yake idali yokolola itatha, nkhokwe zili zodzaza, pamene mudzi ukadatha kudyetsa alendo ndi oimba ng'oma kwa masiku angapo.

M'tsimba nyimbo ndi gule sizidali zokometsera maphunziro. Zidali maphunziro enieniwo. Anthu opanda mabuku ankasunga malamulo awo m'nyimbo ndi m'mapazi. Ulemu kwa apongozi, kasamalidwe ka thupi, kudzisunga pa nthaŵi ya maliro, chilichonse chidali ndi nyimbo yake ndi kavinidwe kake, ndipo namwali ankabwereza mpaka chiuno ndi maondo zitaloŵeza. Pa tsiku lotsiriza, atametedwa, atadzozedwa mafuta ndi kuvekedwa mikanda, ankatuluka kukavina pamaso pa mudzi wonse. Amenewo ndiwo adali mayeso. Akavina bwino anthu ankasupa iye ndi phungu wake yemwe. Akaphonya, manyazi ankagwera banja lonse, pakuti aliyense ankadziŵa amene adampereka.

Anyamata nawo adali ndi khomo lawo. M'midzi ya Amang'anja, makamaka chakumtunda kwa chigwa m'dera la Chikwawa, mnyamata ankaperekedwa kudambwe. Nayenso ankapita ndi nkhuku, nayenso ankakhala ndi phungu, ndipo akulu ankati wagula njira. Kumeneko ankaphunzira nyimbo, mayankhulidwe obisika, mbalule ndi mpanje, mwambo wa pamaliro, ndi kutumikira zilombo za gule wamkulu. Zotsalazo sitinena pa wailesi, paja za kudambwe saulula.

Tisakometse zonse, abale anga. M'sukulu zimenezi mudali chikoti ndi kuopseza, ndipo mwana wamwano ankakomana nazo zedi, chifukwa makolo ena ankampereka ndi cholinga chomwecho chakuti akamthyole khosi. Choopsa koposa chidali chakuti mtsikana akatuluka m'tsimba ankaŵerengedwa kuti wakonzeka kukwatiwa, ngakhale thupi lake likadali lanthete, ndipo m'madera ena ankakakamizidwa kuchita miyambo imene idapweteka ambiri. Dziko lathu lidachita bwino pokhazikitsa lamulo la maukwati la mu 2015, ndiponso posintha malamulo aakulu a dziko mu 2017, kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18. Koma tikamataya madzi akuda tiyenera kuyang'anitsitsa m'beseni, kuti tingataye ndi mwana yemwe.

Dzanja lachilendo loyamba kudzagwira mwanayo lidali la mishoni. A South Africa General Mission adakhazikika ku Lulwe, m'mapiri a Nsanje, mu 1900. Ansembe a Chikatolika a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ku Chikwawa mu 1918 ndi ku Nsanje mu 1921, nthaŵi imeneyo kukutchedwa Port Herald. Iwo adabwera ndi chinthu chimene mudzi sudachionepo: kaundula. Mphunzitsi ankalemba dzina la mwana m'buku, naliitana m'maŵa uliwonse, ndipo wojomba ankadziŵika.

Tsono kholo lidapezeka pamphambano. Mishoni zambiri zinkaona ng'oma za kudambwe ndi za kutsimba ngati zachikunja, ndipo Mkhristu wopereka mwana kumeneko ankaimitsidwa mumpingo. Koma wosampereka ankadziŵa kuti mwana wake adzatchedwa wosameta, sadzakhala pa zokambirana za amuna anzake, ndipo mtsikana wosavinidwa adzasekedwa kwa apongozi. M'zaka za m'ma 1920 mkangano umenewu udafika poipa m'dziko muno, makamaka m'maboma a Dedza ndi Lilongwe, kumene akulu a gule adayamba kulandira anyamata aang'ono kuposa kale kuti awafikire mphunzitsi asanawalembe. Mwana mmodzi yemweyo ankalimbaniridwa ndi masukulu aŵiri, ndipo makolo ambiri adapeza nzeru yawoyawo: m'maŵa mwana ku sileti, pa tchuthi mwana kwa agogo ake kumudzi wina kumene mphunzitsi sangamve ng'oma.

Mipingo itaona kuti mwambo sukutha, ina idayambitsa chinamwali chakechake. Mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nkhoma idakhazikitsa chilangizo m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, amayi a mumpingo ataloŵa m'malo mwa anamkungwi. Malangizo ambiri adasungidwa, koma ng'oma idasiyidwa pakhomo. Apa ndipo padayambira kulekana kwa zinthu ziŵiri zimene makolo athu sadazilekanitsepo: mwambo ndi gule. Mwambo udapita kutchalitchi, gule adatsala yekha ngati maseŵera. Mu mpingo wa Katolika ng'oma idadzaloledwa kuloŵa pambuyo pa msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher adatsegula malo a Kungoni ku Mua, osungirako miyambo ndi magule. Koma pofika nthaŵi imeneyo mibadwo iŵiri ya ana a Chikhristu idali itakula ikuuzidwa kuti chiuno n'chamanyazi.

Sukulu yachitatu siidziŵika kwenikweni kumtunda, koma akuluakulu a ku Nsanje amaikumbuka bwino. Dzina lake ndi nomi. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Holland amene adafika m'chigwa muno mu 1955 nadzakhala katswiri wa mbiri ya Mbona, adalemba mu 1973 mbiri ya magulu a nomi a ku Nsanje kuyambira cha m'ma 1891 mpaka 1972. Elias Mandala, mwana wa Malaŵi, adawafotokozanso m'buku lake la mu 1990 lonena za mbiri ya ntchito m'chigwachi.

Magulu ameneŵa adali a anyamata ndi atsikana osakwatira, mwambo wochokera kwa anthu a m'mbali mwa Zambezi. Adali ndi atsogoleri awoawo. Ankagwira ganyu pamodzi m'minda ya anthu, nasonkhanitsa malipiro pamalo amodzi, ndipo nyengo ikatha ankachita phwando la zakudya ndi magule. Thonje litasanduka mbewu ya ndalama m'chigwa muno, makamaka m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, manja a achinyamata adakhala amtengo wapatali, chifukwa kupalira ndi kutola thonje kumafuna anthu ambiri pa nthaŵi imodzi.

Chachilendo cha nomi n'chakuti apa mwana sankaperekedwa; ankadzipereka yekha, ndipo malipiro ake lidali khasu. Masana kumunda, madzulo kubwalo, wamkulu akuphunzitsa wamng'ono, pakuti gulu lovina mophonya pa tsiku la phwando linkasekedwa ndi midzi yonse yoitanidwa. Ndipo magule a Asena si oseŵera nawo. Likhuba limafuna ng'oma zingapo zosiyana mawu, zokonzedwa kuti ziyankhulane ngati nyimbo, ndiponso amuna amphamvu m'miyendo. Utse umafuna amayi ndi atsikana omvana phazi. Ulimba, umene ena amati valimba, ndi timatabwa ta mtengo wouma toyalidwa pamwamba pa zikho. Chikho chilichonse chili ndi kabowo komatidwa ndi mvema kuti mawu azinjenjemera. Amuna atatu amakhala pa ulimba umodzi, wina ku mawu aang'ono, wina pakati, wina ku mawu aakulu, ndipo aliyense amaponya timitengo take m'mipata imene mnzake wasiya. Luso lotere munthu salitola panjira. Pamene Hugh Tracey, wojambula nyimbo wa ku South Africa, adayendera chigwachi ndi makina ake m'zaka za m'ma 1950, ng'oma zimene adajambula zidali zipatso za masukulu opanda denga ameneŵa.

Sukulu ya nomi idayamba kufooka pamene chuma chake chidafooka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 Shire adakwera namiza madimba ambiri, thonje lidachepa, ndipo anyamata ochuluka adatsata njanji kupita ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Pofika nthaŵi imene Schoffeleers ankalemba, magulu a nomi adali akusanduka bizinesi ya munthu mmodzi wogwiritsa ntchito ana a anzake.

Dzanja lachinayi lidali la boma. Gulu la Malaŵi Young Pioneers lidayamba mu 1963, ufulu udabwera mu 1964, ndipo Dr. Kamuzu Banda adalengeza poyera kuti magule a makolo si chinthu chochita nacho manyazi. Pamenepa tiyenera kunena chilungamo mbali zonse ziŵiri. Magule amene mishoni idawanyoza adakwera pa bwalo lalikulu la maseŵera ku Blantyre pa 6 Julaye chaka chilichonse. Wailesi ino idayendera maboma kujambula nyimbo, kotero kuti mwana wa ku Karonga adamva ulimba wa ku Nsanje, ndipo wa ku Nsanje adamva malipenga. Mu 1987 boma lidakhazikitsa gulu la Kwacha Cultural Troupe, ndipo kuvina kudakhala ntchito imene munthu ankatha kulembedwa.

Koma pa nthaŵi imeneyo kholo silinkafunsidwa. Pulezidenti akati abwera kudzayendera mbewu, ana a sukulu ndi amayi a Mbumba ankayeserera kwa masabata, ndipo wokana ankadziŵa chimene chikamuonekere. Mawu a nyimbo adasinthidwa kuti atamande munthu mmodzi. Gule amene kale ankatenga usiku wonse adafupikitsidwa kuti akwane pa mphindi zoŵerengeka, gulu lina lisanaloŵe. Ana a m'zaka zimenezo adaphunzira mapazi bwino kwambiri, koma ambiri sadauzidwe chimene mapaziwo ankanena kale. Ndipo chifukwa chakuti sukuluyo idamangidwa pa chipani, idagwa ndi chipanicho: riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itatha, a Pioneer atathetsedwa mu Disembala chaka chomwecho, ndi chisankho cha mu Meyi 1994 chitachitika, kuyeserera kuja kudazilala. Boma litatula mwanayo, makolo ambiri adali ataiŵala kuti kale ndiwo ankamgwira dzanja.

Kuyambira pamenepo mwana wakhala wa m'kalasi. Maphunziro aulere a pulayimale a mu 1994 adakweza chiŵerengero cha ana a sukulu kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo chimenechi n'chabwino chimene palibe angachitsutse. Kuyambira mu 2007 silabasi ya pulayimale idaika nyimbo, magule ndi zisudzo m'phunziro la Expressive Arts. Bungwe la UNESCO lidalemekeza gule wamkulu mu 2005 monga chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Koma mphunzitsi mmodzi wa ana odzaza kalasi, amene mwina adabadwira m'boma lina, wopanda ng'oma ndi imodzi yomwe, angaphunzitse bwanji likhuba? Amalemba dzina lake pa bolodi, ana nakopera m'makope, nakhoza mayeso.

M'chigwa cha Shire muli vuto linanso, ndilo madzi. Chigumula cha mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, amene adagumula damu la Kapichira nazimitsa makina ake a magetsi kwa nthaŵi yoposa chaka, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, zonsezi zidasamutsa midzi ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Munthu wothaŵa madzi usiku amanyamula mwana ndi bulangete, ulimba sanyamula. Damu lidakonzedwa, magetsi adayakanso, chifukwa mapulani ake adali olembedwa. Koma mudzi ukamwazikira m'misasa itatu, woimba mawu aang'ono kwina, wa mawu aakulu kwina, nyimbo yawo ilibe pepala loikonzera. Imakhala m'manja mwa nkhalamba, ndipo nkhalambayo ikapita isanalandire mwana, yapita nayo.

Tsono tibwerere ku pepala la mlongo wanga. Sukulu ya gule yokhala ndi kaundula, teremu ndi fizi idachokera kutali. Mfumu Louis XIV ya ku France idakhazikitsa bungwe la akatswiri a gule ku Paris mu 1661, ndipo ku St Petersburg sukulu ya ana ovina idatsegulidwa mu 1738. Mu Africa muno dziko la Ghana lidayambitsa gulu lake la magule pa yunivesite ya ku Legon mu 1962, kuti magule a makolo aziphunzitsidwa mwa dongosolo lomwelo. Lero m'mizinda yathu makolo ena akulembetsa ana awo kwa aphunzitsi otere, ena a magule akunja, ena a magule athu. Amayi anga adaseka, koma ine sindikuona choseketsa. Pa pepalalo pali zonse zinayi zimene makolo athu ankazidziŵa: wopereka mwana, womlandira, cholipira, ndi tsiku limene mwana adzavina pamaso pa anthu. Pambuyo pa mishoni ndi chipani, dzanja labwerera kwa kholo.

Chimene pepalalo silingathe n'kufika kwa Kasisi, kwa Tengani kapena kwa Nyachikadza, kumene kulibe holo ndipo ndalama ya teremu ndi ya thumba la chimanga. Koma kumeneko ndiko kuli aphunzitsi enieni. Inu amene mukumvera m'midzi, mukudziŵa bwino nkhalamba ya m'dera lanu imene imadziŵa kusema ng'oma, kapena mayi amene amayambitsa nyimbo paukwati ena onse nkumangovomera. Kodi ali ndi mwana wophunzira kwa iwo? Ngati alibe, musadikire boma, musadikire bungwe. Pitani ndi mwana wanu masana, inu muli pomwepo, pa tchuthi kuti sukulu isasokonezeke. Funsani chimene adzaphunzitsidwa, ndipo chimene simukuchivomereza chikaneni poyera, monga kholo liyenera kuchitira kwa mphunzitsi aliyense. Ndiponso musapite chimanjamanja, pakuti chophunzira chaulere anthu sachisamala, ndipo mphunzitsi wosayamikidwa amagwa ulesi. Kuongola mtengo n'kudakali kwaung'ono, koma woongolayo nayenso amadya.

Mlongo wanga ndidamuuza kuti asayine, ndipo adasayina. Koma tidapangana kuti tchuthi chachikulu chikafika, mwanayo adzatsika ndi agogo ake kumudzi, akakhale milungu iŵiri kwa mnzawo wina wa paubwana amene mpaka lero ndiye amatsogolera nyimbo kumeneko. Amayi adavomera, koma adaika lamulo limodzi.

"Nkhukuyo mugule inuyo, achimwene ake a mayi wa mwana. Ndipo ikhale thadzi lonenepa, musandichititse manyazi kwathu."